Gatsby ankafuna Daisy, kapena ankafuna moyo wa kwa Daisy?

Nangozo:
Moni nonse. Tinapangana mwezi watha kuti tiwerenge The Great Gatsby ya F. Scott Fitzgerald, ija inatuluka mu 1925, ndiye tsiku lija ndi lero. Amene simunamalize mutikhululukire, pano tiulula zonse mpaka kumanda. Ine ndinamaliza Lachitatu usiku, ndipo pali funso limene silikundichoka m'mutu. Gatsby anagula chinyumba ku West Egg chifukwa choti tsidya lina la madzi, ku East Egg, n'kumene kumakhala Daisy. Usiku amaima pakapinga n'kumayang'ana kanyali kobiriwira ka padoko la kwa Daisyyo. Zaka pafupifupi zisanu akudikira mkazi wa mwini, wa mwana kale. Chimenechi n'chikondi? Kapena chimene ankachilira ndi moyo wa anthu a kumeneko, Daisy anangokhala khomo lolowera?

Tadala:
Aphunzitsi, ine ndikuti n'chikondi. Taonani maphwando aja. Kumapeto kwa sabata iliyonse anthu mazanamazana amadzadya ndi kumwa kwake, ambiri osaitanidwa n'komwe, mwini wake mowa osaukhudza kwenikweni, wangoima pamasitepe kumayang'ana. Jordan Baker, mnzake wa Daisy, anauza Nick, msuweni wa Daisy amene akutifotokozera nkhaniyi, kuti Gatsby ankayembekeza kuti mwina usiku wina Daisy adzangotulukira pa phwandopo. Ndiye usiku wa ngozi uja, pamene galimoto ya Gatsby inagunda ndi kupha Myrtle Wilson, pa chiwongolero panali Daisy, koma Gatsby anati adzanena kuti anali iye. Anaima panja pa nyumba ya Daisy ndi mwamuna wake Tom Buchanan mpaka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, kuopa kuti Tom angam'chite chipongwe Daisy. Munthu wongofuna chuma sangasenze mlandu wa imfa ya munthu.

Bambo Mbewe:
Mwanawe Tadala, zonse wanenazo n'zoona, koma tabwerera m'mbuyo pang'ono. Dzina lake lenileni ndi James Gatz, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota, ndipo mumtima mwake sanawavomerepo kuti ndi makolo ake. Anapita ku koleji ya St. Olaf ku Minnesota, anakhalako milungu iwiri yokha n'kuchoka, chifukwa ntchito yosesa imene ankalipirira sukuluyo inkamunyansa. Ali ndi zaka 17 anaona boti la mpondamatiki Dan Cody pa nyanja ya Superior, anapalasa kabwato kukam'chenjeza za mphepo, ndipo atafunsidwa dzina anati ndine Jay Gatsby. Nthawi imeneyo Daisy asanamuonepo ndi maso. Njala ija Daisy anaipeza ilipo kale.

Atakumana ku Louisville mu 1917, mnyamatayo anali msilikali wa ku Camp Taylor, m'thumba muli mbee, koma yunifolomu inabisa umphawi wake, ndipo anam'lola mtsikanayo kuganiza kuti ndi wa ku banja longa lawo. Werenganinso mutu 8. Chimene chinam'zunguza mutu ndi nyumba ya kwa Daisy, zipinda zam'mwamba zija, khonde, magalimoto atsopano. Bukulo likunenanso poyera kuti podziwa kuti amuna ambiri anam'kondapo Daisy, mtengo wake unakwera m'maso mwa Gatsby. Mtengo, ngati kuti tikukamba za katundu pamsika. Ndipo ndi iye mwini amene anadzauza Nick kuti mawu a Daisy ngodzaza ndi ndalama. Pa msinkhu wanga uno sindinamvepo mwamuna akutamanda wokondedwa wake mwa njira imeneyo.

Tadala:
Koma agogo, mutu 8 womwewo ukuti iye mwini anadabwa kuona kuti wam'kondadi. Poyamba ankangofuna kutola chimene angatole n'kumapita, kenako anakodwa.

Nangozo:
Apa ndiye pandigwira ine. Mwina nonse awiri mukulondola, chifukwa mwa Gatsby zinthu ziwirizi zinasakanikirana ngati mchere m'ndiwo. Tsiku limene Daisy anadzaona nyumba yake koyamba, Gatsby ankayang'ana chinthu chilichonse m'nyumbamo kudzera m'maso a Daisy. Kenako anatsegula kabati n'kuyamba kuponya mashati pathebulo, amene munthu wina amam'gulira ku England, mulu wa mitundumitundu. Analibe chinenero china chouzira mkaziyo kuti tsopano ndakwana. Ndipo Daisy anabisa nkhope m'mashatimo n'kulira. Misozi imeneyo ine sindikuimvetsa mpaka pano.

Chikondi (Leeds):
Ine ndikuimvetsa, achemwali. Akulira chifukwa waona kuti akanadikira akanapeza zonse ziwiri, mwamuna amene ankam'konda ndi ndalama zomwe. Ndipo ndisanamve wina akum'tcha wokonda ndalama, tiyeni tiwerengetse zaka. Mu 1917 Daisy anali ndi zaka 18. Gatsby akupita ku nkhondo, mtsikanayo anapakira chikwama kuti akam'tsanzike ku New York, amayi ake anam'gwira, ndipo anakhala milungu osalankhula ndi a kwawo. Nkhondo itatha mu 1918 Gatsby sanabwere, anam'tumiza ku Oxford. Mtsikana wa banja lotero sanaphunzitsidwe ntchito iliyonse, ntchito yake inali kukwatiwa. Akazi a ku America konse anapatsidwa ufulu wovota mu 1920, Daisy atakwatiwa kale.

Tom anabwera mu June 1919 ndi anthu zana pa sitima, ndi mkanda wa ngale wa madola 350,000. Kutatsala tsiku limodzi ukwati, Jordan anam'peza Daisy ataledzera, munthu amene sanamwepo, botolo m'dzanja lina kalata m'dzanja lina, mkanda uja atautaya m'basiketi ya zinyalala, akuti kaubwezeni kwa mwini wake, ndasintha maganizo. Anam'miza m'bafa la madzi ozizira kalatayo akadaifumbata mpaka inasungunuka, anam'veka diresi, mawa lake 5 koloko anakwatiwa. Sipanapite miyezi ingapo Tom anachita ngozi ya galimoto usiku ali ndi mtsikana wokonza zipinda pa hotela ya ku Santa Barbara, nkhani mpaka m'nyuzipepala. Tsiku limene Daisy anabereka, Tom sankadziwika kumene ali. Ndiye akamati akufuna mwana wake wamkazi adzakhale chitsiru chokongola, ine ndikumva mayi amene waona kuti kuzindikira zinthu sikunam'thandize kanthu.

Mavuto (Joni):
Pepani akuluakulu, ndalowa mochedwa, ndangoweruka kumene. Ine nonse mukundidabwitsa. Mukukangana za anthu a m'nyumba zazikulu, koma munthu amene anandiliza ine palibe wam'tchula. George Wilson. Mwina chifukwa inenso ndine makaniko. Munthu uja ali ndi kagalaja m'chigwa cha phulusa, pakati pa West Egg ndi New York, pomwe amatayako phulusa la mzinda wonse, ndipo mabwana onse amadutsa pakhomo pake popita kukasangalala. Tom anam'lonjeza kuti am'gulitsa galimoto yake yakale kuti George akaigulitse apezepo kenakake. George akangofunsa kuti bwana galimoto ija liti, Tom amam'opseza kuti ngati ukudandaula ndikagulitsa kwina, George n'kuyamba kupepesa. Nthawi yonseyo Tom akuyenda ndi mkazi wa Georgeyo.

Khalidwe limenelo ndimalidziwa. Ndinali ndi kasitomala wina kuno, wa magalimoto atatu, anandisunga chaka chathunthu ndi lonjezo loti andipatsa ntchito yokonza magalimoto a kampani yake. Ndinkam'konzera yake pamtengo wotsika, ndikafunsa amati mwezi wamawa. Umadziwa ndithu kuti akukuseweretsa, koma sungakwiye chifukwa lendi ikukudikira. Tsiku lotentha lija George akudwala, akuthira petulo m'galimoto yachikasu ya Gatsby, Tom akumufunsa kuti zingati iye n'kuti dola imodzi ndi masenti 20, ndinatseka buku n'kutuluka panja kaye.

Mayi Zulu (Chipata):
Achimwene a Mavuto mwachita bwino kutitsitsa kuchigwa. Ine ndiwonjezere mkazi wake, Myrtle, chifukwa ndikuona kuti Myrtle ndi Gatsby ndi munthu mmodzi, kungoti wina wavala diresi. Onse awiri anabadwa pansi, onse awiri anaganiza kuti akagwira dzanja la wa ku East Egg akwera. Myrtle akuti anakwatiwa ndi George poganiza kuti ndi bwana, ndipo atadziwa kuti suti ya paukwati inali yobwereka, mwini wake atabwera kudzaitenga, analira masana onse. Zaka 11 akukhala pamwamba pa galaja. Ndiye pa sitima anaona mwamuna wa suti ndi nsapato zonyezimira, mutu unazungulira. Onani chimene chinam'kopa: zovala, monga muja Daisy analirira mashati.

M'kanyumba kaja Tom anam'chitira lendi ku 158th Street, mipando ndi yaikulu kuposa chipinda, anthu akumangopunthwa. Akasintha diresi, ngakhale kayendedwe ndi kalankhulidwe zimasintha, mpaka kuyamba kunyoza mnyamata wantchito kuti anthu awa amafunika kuwalondalonda. Iye amene masana omwewo anatsika masitepe a galaja! Chimandipweteka n'choti mng'ono wake Catherine amakhulupirira kuti Tom sakusudzula mkazi wake chifukwa Daisy ndi Mkatolika, pamene Nick akudziwa kuti limenelo ndi bodza. Ndipo usiku womwewo Myrtle atalimba mtima kutchula dzina la Daisy mobwerezabwereza, Tom anam'thyola mphuno ndi khofi limodzi. Amam'gulira galu, amam'gulira madiresi, koma dzina la mkazi wa ku East Egg lisatuluke pakamwa pa mkazi wa kugalaja.

Nangozo:
Mayi Zulu, zimenezi sindinaziganizepo. Ndiye kuti anthu atatu amene amwalira m'bukuli, Myrtle, Gatsby ndi George, onse ndi obadwira m'umphawi.

Tadala:
Koma Gatsby sanali wosauka pofika 1922. Nyumba yake inali ndi dziwe losambiramo la mabulo, Rolls-Royce yake inkatuta alendo ngati basi. Anasiyana pati ndi Tom?

Bambo Mbewe:
Anasiyana pa zinthu zosagulika m'sitolo. Kumbukira mutu 6. Tom, bambo wina Sloane ndi mayi wina anaima kwa Gatsby ali pa mahatchi kuti amwe kenakake. Mayiyo atamwa matambula awiri anati tiyeni mukadye nafe chamadzulo. Aliyense pamenepo anadziwa kuti Sloane sakum'funa, Nick anakana mwaulemu, koma Gatsby anavomera ndi mtima wonse. Hatchi alibe, anati awatsatira pa galimoto, analowa kukatenga chipewa ndi jasi. Potuluka anapeza anthu atapita. Palibe anam'tukwana. Chabe sanadziwe kumva mawu amene sananenedwe, ndipo zimenezo mwana amaphunzira pathebulo la makolo ake. Mabuku a mu laibulale yake ndi enieni koma masamba ake ngosadula, kusonyeza kuti sanawerengedwepo. Suti yake ndi ya pinki, ndipo Tom anangoona sutiyo n'kunena kuti uyu sangakhale wa ku Oxford. Chuma cha Tom n'cha makolo, anabwera ndi mahatchi a polo kuchokera ku Lake Forest, thukuta osalidziwa.

Ndikuuzeni chifukwa chake mutu umenewu unandikhudza. Ndili mnyamata, kalaliki ku Blantyre, ndinakonda mtsikana wa kumayadi. Malume anga anapita kukafunsira mbeta atavala jekete yawo yokhayo ya kutchalitchi. Anawalandira bwino kwambiri, tiyi m'makapu adothi, mafunso aulemu: mnyamatayo ndi mwana wa yani, bambo ake ankagwira kuti, anaphunzira sukulu iti. Anati tikuyankhani. Yankho silinabwere, ndipo chaka chisanathe mtsikanayo anakwatiwa ndi mwana wa mnzawo wa bambo ake. Malume pobwerera anangondiuza kuti mphwanga, mpando ndinakhalira uja sunali wathu. Papita zaka zoposa 40, ndinapeza banja labwino, koma Gatsby atatuluka ndi jasi m'manja ndinawaona malume anga.

Chikondi (Leeds):
Pepani bambo. Kunonso zilipo, ukangotsegula pakamwa amadziwa kale pokuika, ngakhale pakati pa azungu okhaokha. Ndipo Fitzgerald mwini zinam'chitikira. Ali wophunzira ku Princeton anakonda Ginevra King, mwana wa banja lolemera la ku Lake Forest komweko kumene kunachokera mahatchi a Tom, ndipo mtsikanayo anakwatiwa ndi wolemera mnzake mu 1918. Zelda Sayre nayenso anathetsa chitomero mu 1919 poona kuti mnyamatayo alibe ndalama. Buku lake loyamba litatuluka mu March 1920, anakwatirana mu April. Munthu amene analemba za Daisy ankadziwa ululu wake, n'chifukwa chake ndimam'kayikira pang'ono akamam'weruza.

Mavuto (Joni):
Tisam'yeretsenso kwambiri Gatsby. Ndalama zake zinachokera kuti? Boma la America linaletsa mowa kuyambira 1920, ndiye iye ndi Meyer Wolfsheim anagula timasitolo ta mankhwala ku New York ndi ku Chicago n'kumagulitsiramo mowa mozemba. Wolfsheim yemweyo ndi amene bukuli likuti anakonza chinyengo pa mpikisano wa baseball wa 1919. Atamwalira Gatsby foni inalira kuchokera ku Chicago, munthu akunena za mnyamata wawo amene wagwidwa ndi mapepala a ndalama achinyengo. Ndipo Myrtle atagundidwa, Gatsby ankangodandaula za mmene Daisy akumvera. Mkazi wafa pamsewu, iye nkhawa yake ndi yoti galimoto anaibisa bwino m'galaja. Kwa ine pamenepo anafanana nawo a ku East Egg aja.

Mayi Zulu (Chipata):
N'zoona zimenezo, ndipo zikuwawa. Myrtle anathamangira galimoto yachikasu ija poganiza kuti muli Tom, chifukwa masana anaiona akuyendetsa Tom. Anathamangira chipulumutso chake.

Nangozo:
Ine cholakwa chachikulu cha Gatsby ndinachiona ku Plaza Hotel. Daisy anali atanena kale kuti amam'konda, pamaso pa mwamuna wake. Koma Gatsby sizinam'kwanire, ankafuna Daisy anene kuti Tom sanam'kondepo ngakhale tsiku limodzi, kuti zaka zonse zija zifufutike abwerere ku Louisville ngati ndi 1917. Nick anam'chenjeza kale kuti zakale sizibwerezedwa, iye anakana kwamtuwagalu. Madzi akatayika saoleka. Masana omwewo anaona kamwana ka Daisy, Pammy, n'kumakayang'ana modabwa ngati sankakhulupirira kuti kaliko. Daisy anayesa kunena zimene ankafunazo koma analephera, anati Tom ndinam'kondapo, iwenso ndinakukonda, ukufuna zambiri. Pamenepo ndi pomwe analankhula zoona kuposa wina aliyense m'chipindamo. Tom atatulutsa nkhani ya mowa ija, Daisy anabwerera m'chigoba ngati kamba, ndipo Tom anadziwa kuti wapambana mpaka anawauza kuti pitani limodzi pa galimoto ya Gatsby.

Chikondi (Leeds):
Mpaka pamenepo Daisy ndimam'teteza. Kuchokera pa ngozi sindingathe. Sanaime. Nick anasuzumira pawindo la kukhitchini anawaona iye ndi Tom atakhala pathebulo, pakati pali mbale ya nkhuku yokazinga yozizira ndi mabotolo awiri a mowa, dzanja la Tom lili pa dzanja lake, akugwirizana zochita. Mawa lake Gatsby anadikira foni mpaka analowa m'dziwe akudikirabe, momwe George anam'wombera kenako n'kudziwombera yekha. Iwo anapakira katundu osasiya keyala. Sindikuti analibe mantha, koma mantha ake anali ndi kothawira, ndipo anathawirako.

Tadala:
Ndiye Nick bwanji? Amadzitcha munthu wachilungamo koma ndi iye anaitana Daisy ku tiyi kuti akumane ndi Gatsby, anapitanso ku kanyumba ka Myrtle osauza msuweni wake. Ankadziwa amene anayendetsa galimoto, sanauze aliyense. Atakumana ndi Tom pa Fifth Avenue mu October, Tom anavomera kuti ndi iye anauza George mwini wa galimoto yachikasu, Nick anam'gwirabe chanza. Komanso funso lina, aphunzitsi: anthu akuda ali kuti m'bukuli? Nyimbo za jazz zimene akuvina ndi za anthu akuda, Harlem, dera la anthu akuda ku New York, inali pomwepo.

Nangozo:
Wafunsa bwino. Nick ndi wa banja lopeza bwino la bizinesi ya zipangizo, anaphunzira ku Yale limodzi ndi Tom. Amakhala m'kanyumba ka madola 80 pamwezi, koma ku East Egg amalowa ngati kwawo. Pomaliza anateteza ake ndi kukhala chete, ngakhale anam'fuulira Gatsby kuti ndiwe woposa gulu lonselo. Za akuda, ndawerenga malo awiri okha. Atatu ali m'galimoto yapamwamba yoyendetsedwa ndi mzungu pa mlatho wa Queensboro, ndipo Nick akuwaseka. Wina ndi bambo wovala bwino amene anauza wapolisi kuti galimoto inali yachikasu. Onsewo alibe maina. Koma mantha a Tom ndi omwewo: pa chakudya choyamba chija akulalikira za buku loti azungu amezedwa ndi mitundu ina, ndipo ku Plaza akuti mukalola munthu wopanda dzina wochokera kosadziwika kutenga mkazi wanu, mawa mudzalola ukwati wa akuda ndi azungu. Kwa iye mpanda ndi umodzi. Mu 1924, Fitzgerald akulemba bukuli, America inakhazikitsa lamulo lochepetsa kwambiri obwera kuchokera kummwera ndi kum'mawa kwa Ulaya.

Mayi Zulu (Chipata):
Ine maliro aja sindinagone nawo. Munthu amene anadyetsa mazana, kumanda kunapita galimoto zitatu mumvula: Nick, m'busa, antchito anayi kapena asanu, wamtengatenga wa makalata, ndi bambo wina wa magalasi amene anadabwa ndi mabuku a mu laibulale ya Gatsby. Klipspringer, amene anagona m'nyumbamo miyezi, anaimba foni kufunsa nsapato zake za tenesi. Wolfsheim anakana kubwera. Daisy ngakhale duwa limodzi.

Bambo Mbewe:
Koma bambo ake anabwera, mayi. Henry Gatz, nkhalamba ya jasi yotchipa, anaona nkhaniyo m'nyuzipepala ya ku Chicago n'kunyamuka. Mwana anataya dzina lawo, iwo akuyendabe ndi chithunzi cha nyumba ya mwanayo m'chikwama, chong'ambika m'makona chifukwa choonetsa anthu. Anatulutsa kabuku kakale komwe mnyamatayo analemba ndondomeko yake ya tsiku mu September 1906: kudzuka 6 koloko, kulimbitsa thupi, kuphunzira za magetsi, kuphunzira kulankhula pagulu, kusunga madola atatu pasabata, ndipo pamzere womaliza, kuwachitira bwino makolo. Zaka ziwiri asanamwalire anapita kukawaona n'kuwagulira nyumba. Ndiye mwina ndinafulumira ponena kuti anawakana kotheratu.

Mavuto (Joni):
Gatsby ngakhale anthu ochepawo anawapeza. George manda ake bukuli silitionetsa. Pa kafukufuku wa imfa, Catherine analumbira kuti mkulu wake ankakhala mosangalala ndi mwamuna wake, ndiye George anangolembedwa kuti anapenga ndi chisoni, nkhani n'kutsekedwa, dzina la Tom osatchulidwa. Ndabwereranso pa mutu 8 pompano. Amene anachezera naye usiku wonse ndi Michaelis, Mgiriki wa kamalo kogulitsa khofi pafupi ndi galaja. Anam'funsa kuti muli ndi mpingo woti ndiitane m'busa, George anati alibe. Mnzake woti amuimbire foni panalibenso. Anam'tsegulitsa drowa, munali chingwe cha galu chodula, cha chikopa ndi siliva, pamene iwo galu analibe. Kutacha anaima pawindo kuyang'ana maso aakulu aja a pa chikwangwani cha dokotala wa maso, akuti Mulungu amaona zonse, Michaelis n'kumuuza kuti chimenecho n'chotsatsa malonda chabe. Michaelis anapita kukagona maola anayi, pobwera anapeza munthu kulibe. Anayenda wapansi, panjira anagula sangweji imene sanaidye, ndipo pofika hafu pasiti 2 anali ku West Egg akufunsa njira ya kwa Gatsby.